Mfuti ya Bambo pa Tsiku la Nkhungu

Bovec
15 Okutobala 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Jeremani, pamodzi ndi achimwene a Damjan, alamu ndi adzukulu anu awiriwo. Ife kuno tikudzuka bwino. Nkhosa zinatsika kuphiri kumapeto kwa mwezi watha, zonse zonenepa, ndipo tchizi cha chaka chino chaposa cha chaka chatha. Denga la khola lija mumalidandaula tinalikonza. Mpongozi wanu Egon anagwa pamakwerero pa ntchito imeneyo, koma chinapweteka ndi ulemu wake wokha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni mumandifunsa za nkhosa, za denga, za maluwa a pamanda a Amayi, koma ndikangotchula phiri mumati, "Dikira kaye, Damjan akundiitana," ine ndikumva Damjan yemweyo akuliza mkonono pampando. Kalata simungaithawe choncho. Ndiye valani magalasi, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa ndili ndi nkhani yonyadira, mlandu woti ndiulule, ndi pempho limodzi.

Yonyadira ndi iyi: kuyambira tsiku loyamba la mwezi uno, mlonda wa nyama wa bungwe lathu la alenje ndine. Inde, ine Polona. Ntchito yomwe munaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, yoyendera phiri, kuwerenga mbuzi zam'phiri ndi kuwombera zodwala mphere zisanapatsire zinzake, yabwerera m'nyumba mwanu. Ndinawauza achimwene kuti asakuuzeni, chifukwa ndinkafuna muimve kwa ine, ndiponso muimve yonse.

Sindikufuna kutokosa chilonda, koma nkhaniyi singafotokozeke popanda chaka chija chimene Amayi anatisiya. Anamwalira mu Epulo, ndipo chisanathe chakacho munaphonya katatu, inu amene simunkadziwa kuphonya. Kachitatu kanali ka mbuzi yamphere ija inaima pa Thanthwe Loyera, tsidya lina la chigwa. Chipolopolo chinaipala pamsana, inathawa, ndipo munaifunafuna masiku atatu mpaka munaipeza ikudzikoka ndi miyendo yakutsogolo yokha. Ndikukumbukira kuti sabata yotsatira, dzuwa likuwala bwino, munapita kubwalo lowomberako, munatsamiritsa mfuti pathebulo n'kuwombera kasanu, zipolopolo zonse n'kulowa pamalo amodzi. Munabwera kunyumba, munakoloweka chipewa pamsomali, munati, "Mfuti ili bwino. Watha ndi mwini wake." Mu Januwale munakwera sitima, ati kukathandiza kulera adzukulu. Anthu kuno anagwedeza mitu, nati chisoni chakukalambitsani, manja ayamba kunjenjemera. Ine sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndinakhulupirira zomwezo.

Zaka zitatu zonsezi ntchitoyi anangoigwirizira ndi Rado, uja wogulitsa matayala. Si munthu woipa, koma pakamwa pake palibe chitseko. Chaka chino bungwe linagwirizana kuti lisankhe mlonda weniweni, ndipo a Ciril, wapampando, anati tibwerere ku mwambo wakale umene inunso munalowera. Aliyense awombere kamodzi kokha, m'mawa, mfuti ili yozizira, nyengo iliyonse imene Mulungu apereke tsikulo, pachandamale chathabwa chojambulidwa mbuzi, tsidya lina la chigwa, mamita 350. Ndinalembetsa dzina langa. Egon anangondifunsa kuti, "Ndi mfuti iti?"

Funso lake linali loona. Yanga yaifupi ija ndi ya agwape am'nkhalango, patali chotero ingathe kuwombera dziko lina. Ndiye ndinapita kwa mnzanu wakale, a Silvo okonza mfuti. Ndinawapeza atawerama pathebulo lawo, magalasi ali pamphuno.

"Ndimadziwa kuti ubwera," anatero osadzutsa mutu. "Magazi a bambo ako a Lovrenc sagona tulo."

"Ndikufuna mfuti yonena zoona pamamita 350, a Silvo."

"Aliyense wolowa pakhomopa amafuna yomweyo. Ena amafunanso kuti iziwaphikira khofi."

Anatulutsa ziwiri kuti ndikaziyese. Yoyamba inali yatsopano, yakuda bii, chigwiriro chake cha pulasitiki, mpope wonenepa, kulemera kwake ngati mwanawankhosa wa miyezi iwiri. Yachiwiri inali yopepuka, yozokotedwa masamba ndi maluwa, imene dokotala wina wa ku Udine, ku Italy, anaisiya kuti amugulitsire. Ndinazinyamula zonse, ndinaziika paphewa, kenako ndinafunsa chimene ndinadzera.

"Nanga ya Bambo?"

A Silvo anavula magalasi. "Iwe mwana, ija isiye m'kabati. Mwini wake anaifulatira."

"Koma mpope wake munauika ndinu."

"N'chifukwa chake ndikuti isiye. Ikakuchititsa manyazi, tichita manyazi anthu atatu."

Apa ndi pamene payambira mlandu wanga, Bambo. Pochoka munailembetsa mfutiyo m'dzina langa chifukwa cha lamulo lokha, ndipo munandiuza kuti ndiziipaka mafuta kawiri pachaka koma ndisadzaikweze phiri. Ndinalonjeza. Lonjezo limenelo ndinaliphwanya pa 4 Ogasiti, ndipo sindikunamizani kuti ndinagona osapeza tulo. Ndinagona bwinobwino. Nditaitulutsa m'kabati, thabwa lake lija munasema nokha kuchokera ku mtengo wa mtedza uja timautcha oreh, umene unagwa kuseri kwa khola, linali likunyezimirabe, ndipo pamalo potsamira tsaya panali padakali poterera.

Mukudziwa mmene anzathu amasankhira mfuti masiku ano. Amadikira masana adzuwa, amakhala pathebulo, amawombera kasanu motsatizana, amajambula pepalalo pafoni n'kumalionetsa aliyense m'bala. Ine ndinakumbukira zimene munkandiuza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndikuyasamula: "Nyama sikupatsa zipolopolo zisanu. Mfuti uziifunsa funso limodzi patsiku." Mawu a akulu akoma akagonera. Ndinakhoma mapepala atatu tsidya lina la chigwa, lililonse la mfuti yake. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito kopanga tchizi, ndinkakwera kukanyumba ka alenje, n'kutsamiritsa mfuti zitatuzo panja kwa ola lathunthu kuti zimve nyengo imene ine ndikuimva. Kenako ndinkagona pansi, chikwama pansi pa mfuti, n'kuwombera kamodzi ndi iliyonse. Madzulo ndinkazungulira chigwa kukalemba pambali pa boo lililonse tsiku lake ndi nyengo yake: dzuwa, mitambo, nkhungu, mvula yowaza. Ndinachita zimenezi masiku makumi awiri ndi anayi.

Mbiri inafika m'tauni ine ndisanatsike. Loweruka lina ndinalowa m'bala kukatenga Egon, n'kupeza Rado ali pakati pa anzake.

"Abale, walowa mkwatibwi!" anakuwa. "Iwe Polona, ndamva ukuyesa amuna atatu nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, chemwali."

"Bola ine ndikuwafunsa mafunso," ndinamuyankha. "Iwe yako unaikwatira utangoona chithunzi."

Anthu anaseka, iyenso anaseka, koma anawonjezera mawu amene sanandiseketse. "Ndamvanso kuti mmodzi mwa atatuwo ndi nkhalamba ija. Isiye ipume, mwanawe. Iyo ndi mwini wake anatha tsiku limodzi."

Ndinatenga Egon n'kutuluka. Ndikanayankha, a Ciril akanandichotsa pamndandanda.

Tsiku la makumi awiri ndi anayi ndinazula mapepala atatu aja n'kuwayala pachitsa. Ya dokotala inamwaza zipolopolo ngati munthu wodyetsa nkhuku, ndipo ndinaichotsa pomwepo. Yakuda inachita bwino ndithu: maboo onse ndinawaphimba ndi kambale kakang'ono, dzuwa kapena mvula, yosasintha. Koma pepala la yanu linandiimitsa mutu. Maboo ake sanali gulu limodzi, analinso osamwazika. Anali magulu awiri. Khumi ndi asanu anali pakati penipeni, othithikana moti kapu ya khofi inawavundikira onse. Asanu ndi anayi enawo anali othithikana chimodzimodzi, koma m'mwamba, chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pakati. Ndinayamba kuwerenga zimene ndinalemba pambali. Gulu la pakati: dzuwa, dzuwa, mitambo, dzuwa. Gulu la m'mwamba: nkhungu, mvula, nkhungu, mvula yowaza. Panalibe ngakhale boo limodzi losokera kwa anzake.

Mfuti yotha imamwaza, Bambo. Manja onjenjemera amamwazanso. Iyi sinkamwaza. Inkanena mawu ena kukauma ndi mawu ena kukanyowa, ndipo onse inkawanena molimba mtima. Ndinathamangira kunyumba osapita kuntchito, ndinatsegula kabati yanu n'kutenga kabuku kanu ka ulonda ka chaka chija. Pa masiku atatu amene munaphonya, dzanja lanu lomwe linalemba: nkhungu, mvula yowaza, nkhungu yambiri. Ndipo tsiku limene munapita kubwalo kukaweruza mlandu pakati pa inu ndi mfuti, kunali dzuwa. Munafunsa mboni tsiku limene inali yosaledzera, n'kudzimanga nokha.

Ndinapita nazo zonse kwa a Silvo. Anayang'ana pepala, anayang'ana kabuku. Kenako anang'amba kapepala kopyapyala, anakakulunga pansi pa mpope n'kukakoka kuchokera kumphuno kubwera kumbuyo, monga munkachitira inu, kuona ngati thabwa likukhudza chitsulo. Kanadutsa, ngakhale kanazengereza pang'ono pamalo amodzi.

"Wamva?" anandifunsa.

"Ndamva."

"Kaigoneke m'chipinda chanu chapansi chosungira tchizi masiku awiri. Mwanyowa mmenemo kuposa pa Thanthwe Loyera."

Nditabwera nayo, kapepala kanakafika pamalo paja n'kuima nji. A Silvo anakoka mpaka kanang'ambika. Anatenga chomasulira, anamasula misomali iwiri ija n'kunyamula chitsulo kuchichotsa m'thabwa. Bambo, mukudziwa chimene tinapeza, ndipo ndikudziwa kuti pofika pamzere uno mwavula magalasi. Avaleninso.

M'ngalande ya thabwa mmene mumagona mpope munali kadzenje kosemedwa bwino ndi mpeni, ntchito ya manja anu yosachita kufunsa. M'kadzenjemo munali kachala ka golovesi ya ubweya wa nkhosa, kofiira, ka mzere woyera m'mphepete. Ndinakazindikira ndisanakagwire. Anali magolovesi aja Amayi analuka okha, amene ankavala poima pageti kukudikirani mukachedwa kutsika. Pamene ndinkalongedza zovala zawo maliro atatha, ndinapeza yakumanzere ilibe chala chachikulu, ndipo ndinatukwana mbewa zosalakwa. Kachalako kanali katamwa chinyezi, katafufuma, kakukankha mpope m'mwamba.

A Silvo anakhala pampando. Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.

"Chitsiru," anatero. "Chitsiru cha munthu, bambo akowa. Zaka makumi anayi wakhala akundilalikira ine, mmisiri, kuti pansi pa mpope pasakhudze kanthu, ngakhale tsitsi limodzi."

"Ndiye anachitiranji?"

"Sukuona? Anakumba kadzenje kuti kasakhudze. Anayesa ndi pepala, chilimwe, pepala n'kudutsa. Anangoiwala kuti ubweya wa nkhosa umamwa nkhungu. Mwana wa abusa a nkhosa kuiwala zimenezo!" Anamina m'kansalu kawo mokweza. "Usandiyang'ane, ndi chimfine."

Ndikuuzeni zoona, choyamba ndinakwiya nanu. Pamaliro a Amayi simunagwetse msozi. Munalandira anthu, munathokoza wansembe, mawa lake munakakama nkhosa. Ine ndi achimwene tinkanong'onezana kuti bambo athu ndi mwala, ndipo ine ndinakusungirani kachakukhosi kameneko zaka zitatu. Osadziwa kuti munapita kukadzitsekera m'khola ndi mpeni ndi golovesi. Amayi ankaopa mapiri, sanakwerepo ngakhale mpaka pakanyumba ka alenje, moyo wawo wonse anangoima pageti. Inu munafuna kuti tsopano azikwera nanu. Mukanatiuza, Bambo. Tikanalira limodzi, ndipo a Silvo akanakuuzani pamalo poyenera kukaika. Nditatha kukwiya ndinalira, pomwepo pathebulo la mafuta a mfuti, ndipo sindichita manyazi kukuuzani.

Nditapukuta m'maso, a Silvo anabwerera ku ntchito yawo. "Tsopano sankha. Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga yakudayo. Ilibe mtima, ndiye ilibenso zinsinsi."

"Ndiifunsa kaye yakaleyi mafunso ena khumi."

Anabwezera chitsulo m'thabwa popanda kachala kaja, anamanga misomali, ndipo ndinayambiranso. Mulungu anandithandiza ndi nyengo yoipa: pa masiku khumiwo, asanu ndi limodzi kunali mvula kapena nkhungu. Maboo onse khumi analowa pansi pa kapu imodzi ya khofi. Yakuda, imene ndinkaiwomberabe pambali, inafunabe kambale kake. Ndikufuna mumvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene ndimanyadira kwambiri. Sindinasankhe mfuti yanu chifukwa ndi yanu. Yakuda ikanaiposa, ndikanatenga yakuda n'kubwezera yanu m'kabati, chifukwa nyama yodwala ilibe nazo ntchito zoti mfuti anasema ndani. Ndinaisankha chifukwa pa mfuti zitatu zimene ndinaziyesa mwachilungamo, yoposa zonse inali imene munapanga inu ndi a Silvo zaka makumi atatu zapitazo. Pepala lake ndalisunga.

Tsiku la mpikisano linali pa 23 Seputembala. Kunacha ndi mvula yowaza, nkhungu ikuyenda m'chigwa, ikutseka chandamale n'kuchitsegulanso. Ndinayang'ana kumwamba n'kuseka ndekha, Egon n'kuyesa kuti mantha andizunguza mutu. Tinalipo asanu. A Ciril anaika mayina m'chipewa, ndipo langa linatuluka lomaliza. Awiri oyamba anamenya mbuzi yathabwayo koma kutali ndi mtima. Wachitatu anawombera nkhungu ikutseka, chipolopolo chake mpaka lero sichinapezeke. Rado anagona pansi ndi mfuti yake yatsopano ya galasi loonera patali lalikulu ngati botolo, ndipo ndimupatse ulemu wake, anawombera bwino. Amene anali tsidya lina anayankhula pawailesi kuti chalowa m'bwalo la mtima, zala ziwiri kuchokera pakati.

Anadzuka akupukuta mawondo, anayang'ana mfuti yanu m'manja mwanga n'kuliza likhweru.

"Ndithu wabwera ndi agogo? Mvula ngati ino? Ukawafunditse bulangete, angatsokomole."

"Suntha, Rado, wandigonera pamalo."

Ndinagona paudzu wonyowa. Ndinaika chikwama, ndinatsamira tsaya pamalo poterera paja, ndipo ndinadikira. Nkhungu inatseka. A Ciril anayang'ana wotchi yawo, chifukwa aliyense amapatsidwa mphindi zisanu zokha. Kumbuyo kwanga wina anatsokomola, wina anati mkazi uja wagona tulo. Ine ndinkayang'ana udzu wa pathanthwe la tsidya lina, monga munandiphunzitsira, kuti ndione mphepo ya kumeneko osati ya pamphuno panga. Pamphindi yachinayi nkhungu inang'ambika. Udzu unali utaima. Ndinatulutsa mpweya theka, ndinafinya chala pang'onopang'ono, ndipo mfuti inalira yokha.

Ndinamva mvula ikugunda pachipewa changa. Kenako mawu anatuluka pawailesi: "A Ciril, bwerani mudzaone nokha. Chadya kadontho ka pakati."

Egon anakuwa ngati wapsa. Ine sindinakuwe. Ndinatulutsa chikhokho cha chipolopolo, ndinachiika m'thumba, ndipo ndinadzuka pang'onopang'ono monga munkadzukira inu, ngati kuti zimenezi zimachitika tsiku lililonse. Koma m'kati, Bambo, ndinali kuvina.

Tinalowa m'kanyumba, akazi a a Ciril atakazinga mbatata ndi tchizi, botolo la kachasu likuyenda. A Ciril atanditchula kuti ndine mlonda, anati ndinene mawu. Ndinasuntha mbale, ndinayala pepala lija la magulu awiri, ndinatsegula kabuku kanu pambali pake.

"Zaka zitatu mwakhala mukunena kuti a Lovrenc anatha," ndinatero. "Nanenso ndinanena. Bwerani muwerenge."

Anaunjikana. Ndinawaonetsa maboo a dzuwa ndi maboo a nkhungu, ndinawaonetsa masiku anu atatu. Ndi alenje, sindinachite kuwafotokozera kawiri. Ndinawauza kuti pa Thanthwe Loyera munaloza pamtima penipeni, ndipo chipolopolo chinapita pamene mfuti inachitumiza, chikhatho ndi theka m'mwamba, pamsana.

Ndi Rado amene anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Chabwino, taona. Nanga chinkakankha mpopewo n'chiyani?"

Chinsinsicho si changa, ndipo sindikanachiyala pathebulo pakati pa mbale za mbatata. A Silvo anandipulumutsa. Anaika tambula yawo pansi n'kunena kuti, "Thabwa linafufuma. Ine ndi amene ndinagoneka mpope m'thabwa limenelo, ndipo ndinayenera kuliona atangophonya koyamba. Mlandu ndi wanga."

Mukuwadziwa a Silvo, Bambo. Munthu amene sanavomerepo kuti ntchito yake ili ndi chilema, amene anakana kulankhula ndi mlamu wake zaka ziwiri chifukwa chonena kuti galasi limene anaika pamfuti linapendekeka. Anadzithira matope pamaso pa bungwe lonse kuti golovesi ya Amayi isatchulidwe m'bala. Odziwa zoona tilipo atatu: iwo, ine ndi inu. Ngakhale Egon sindinamuuze.

Rado anakhala kanthawi akuyang'ana pepala. Kenako anavula chipewa, chinthu chimene sachita ngakhale m'tchalitchi mpaka mkazi wake atamugunda ndi chigongono.

"Ine ndinalankhula zambiri," anatero. "Ukawauze a Lovrenc kuti chimene chimawombera m'mwamba kuno ndi pakamwa panga, dzuwa kapena mvula."

Chandamale ndi thabwa chabe, ndiye ndikuuzeninso za Lachiwiri lapitali. Abusa a nkhosa anandiuza za mbuzi yam'phiri yaikazi yokalamba imene mphere yaidya khosi lonse. Ndinaitsata masiku awiri m'mawa, ndipo tsiku lachitatu ndinaipeza itaima pa Thanthwe Loyera, pamalo omwe aja, nkhungu ikudontha m'masamba. Sindibisa, ndinaona m'maganizo mwanga ija inadzikoka ndi miyendo iwiri. Ndinadikira mpaka inatembenuka n'kundipatsa nthiti. Inagwa pomwe inaima, isanamve n'kulira kwa mfuti komwe. Nditafika ndinavula chipewa monga mwa mwambo wa alenje, ndinathyola kanthambi ka paini, theka ndinaika m'kamwa mwake kuti kakhale chakudya chake chomaliza, theka linalo ndinabaya pachipewa changa. Ndinaiuza kuti ipite bwino, ndipo ndinapepesanso m'malo mwanu kwa inzake ija. Ndikuganiza kuti nkhani imeneyo yatha tsopano.

Mukufuna kudziwa kumene kuli kachala kaja. Sindinakataye, ndipo musagwedeze envulopu, mulibe. A Silvo anamasula kachitsulo ka kutako kwa mfuti, anaboola kadzenje m'thabwa lochindikala la kumeneko, ndipo ndinakaikamo ndi dzanja langa. Kumeneko kangamwe nkhungu ya dziko lonse, sikangasunthe chipolopolo. Pa mpikisano kanali komweko, ndipo Lachiwiri kanali komweko. Amayi akwera phiri kawirikawiri mwezi uno kuposa moyo wawo wonse.

Tsopano pempho. Lamulungu loyamba la Novembala kuli Misa ya alenje ya Hubert Woyera, ndipo ikatha tidzakhoma chandamale chatsopano tsidya lina la chigwa. Bungwe lagwirizana, popanda wotsutsa, kuti chipolopolo choyamba chidzawombedwe ndi inu. Ndikudziwa zimene munene: maso, mawondo, adzukulu. Achimwene andiuza kuti mumawerenga manambala a basi ili kutali iwo asanaione, ndiye za maso zisiyeni. Mwina mudzaphonya ndithu, patha zaka zitatu. Mukadzaphonya tidzakusekani monga mwa mwambo, ndipo mudzagulira aliyense kachasu. Koma mudzakhala mwaphonya inuyo, ndi mfuti yonena zoona, osati kudzimanga pa mlandu umene simunapalamule.

Za lonjezo limene ndinaphwanya, mundikhululukire ngati mungathe. Ngati simungathe, bwerani mudzandikalipire pamaso.

Egon akupereka moni, akuti mudzaone denga musanalinyoze. A Ciril akupereka moni. Rado akuti adzakutengani yekha pasiteshoni ya sitima, ndipo walonjeza kukhala chete njira yonse, zimene ine sindikukhulupirira. A Silvo akuti ndikuuzeni kuti ndinu chitsiru, ndiponso kuti botolo lija munasiya theka sanalikhudze. Mundiperekere moni kwa achimwene, alamu ndi ana. Chipewa chanu chidakali pamsomali pomwe munachisiya, ndachipukuta fumbi.

Kumanda ndinapitako dzulo, ndinasintha maluwa ndipo ndinawafotokozera zonse. Moni wa Amayi sindikulemberani m'kalata muno. Mudzaulandira nokha paphewa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Polona
Mlonda wa nyama